Phunziro 14: Mai Wapakati ndi Akristu a Pamudzi

Inu amene mulikukonzekera ubatizo, cherani khutu. Maria Woyera atamva kuti mbale wace Elizabeti ali ndi pakati, anapita msanga kumapiri, nakhala naye ngati miyezi itatu (Luka 1, 39-56). Kodi muyesa kuti anangokhala pa mphasa? Iai, panali madzi otunga ndi nkhuni zotola.

Mu 1977, pa msonkhano wa ku Beira, Eklezia wa m'Mozambiki anatsimikiza kuti akristu a pamudzi azithandizana okha, osadikira wansembe. Tsono nchitoyi ndi yanu kuno ku Kalomwe.

Mai wapakati asasenze mtolo wolemera. Mumperekeze ku sikelo. Mwezi wace ukayandikira akadikire pafupi ndi cipatala, pakuti magazi akayamba kutayika usiku, njinga singamfikitse msanga ku Ulongwe. Amuna inu, mukagulitsa mbatata sungani ndalama ya ulendo isanathere ku mowa. Ali m'cikuta, akazi anzace amsinjire, amphikire phala, afunditse khanda, popeza cisanu ca Juni kuno cilibe cifundo. Nanga mtsikana amene mwamuna wamkana? Anthu amamseka; inu muyambire kwa iyeyo.

Mafunso: Ndani ali ndi pakati pamudzi panu? Adzamtungira madzi mawa ndani?