Musanagule makina ena a tepi, ayezeni kaye amene muli nawo

Backup ikalephera usiku, m'mawa mwake mu ofesi ya IT simuchedwa kumveka mawu akuti, "Drive yafa, tigule ina." Kalata yopempha ndalama imalembedwa tsiku lomwelo, ndipo abwana a zachuma amangogwira mutu, poti makina a tepi ndi okwera mtengo komanso kawirikawiri amachita kuitanitsa kunja. Chodandaulitsa n'chakuti amene wagamula kuti drive yafa amakhala asanaiyeze n'komwe. Wangoona uthenga wofiira pa pulogalamu ya backup, basi mlandu watha.

Uthenga wakuti kulemba kwalephera sutchula wolakwa. Mwina vuto ndi tepi yeniyeniyo, mwina mutu wa drive wada, mwina ndi chingwe, khadi lolumikizira mu seva, kapena seva imene ikutumiza deta mozengereza. Kuchipatala sapereka mankhwala a malungo asanayeze magazi, ndipo nanunso musapereke chigamulo musanayeze. Makampani opanga makinawa ali ndi mapulogalamu oyezera amene salipiritsa. Langizo langa n'lakuti muike pulogalamu yotereyi makina akadali bwinobwino, muizolowere, kuti tsiku la vuto mudzathe kunena molimba mtima kuti chawonongeka n'chakuti.

Pulogalamu yake ndi iti?

Matepi amene maofesi ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano ndi a mtundu wa LTO. Anayambitsa mtunduwu ndi makampani a HP, IBM ndi Seagate, ndipo tepi yoyamba, ya m'chaka cha 2000, inkalowa 100 GB. LTO-9, imene inatuluka mu 2021, imalowa 18 TB deta isanapanikizidwe. Panopa amene amayang'anira LTO ndi HPE, IBM ndi Quantum, ndipo kampani iliyonse ili ndi chida chake. HPE ili ndi Library and Tape Tools, imene amisiri amangoti L&TT. IBM ili ndi IBM Tape Diagnostic Tool, kapena kuti ITDT, ndipo ilipo yamitundu iwiri: yongolemba malamulo ndi yokhala ndi mabatani odina. Quantum ili ndi xTalk.

Yang'anani dzina limene lalembedwa pa makina anu, kenako tengani pulogalamuyo pa webusaiti ya kampani yomweyo. Nthawi zina amafuna kuti mutsegule kaye akaunti. Tsegulani lero, ndi imelo ya ofesi osati yanu, kuti mukadzachoka pantchitopo anzanu asadzasowe polowera. Musatenge pulogalamu ya pa flash ya mnzanu imene yakhala ikuyendayenda zaka zisanu; yakale siizindikira makina atsopano, ndipo simudziwa kuti yanyamula chiyani m'njira.

Dziwaninso kuti makina ambiri a LTO ogulitsidwa ndi mayina ena m'kati mwake ndi opangidwa ndi IBM. N'chifukwa chake mungaone seva ikulemba dzina la IBM pamene kunja kwa bokosi kuli dzina lina. Zimenezi zisakusokonezeni, koma pa nkhani ya firmware tsatirani kampani imene inagulitsa makinawo.

Musanadine batani loyamba

Choyamba, onani ngati seva ikuiona drive. Pa Windows tsegulani Device Manager. Pa Linux lembani lsscsi, ndipo drive yoyamba imaoneka ngati /dev/st0 ndi /dev/nst0. Ngati seva siikuiona, pulogalamu yoyezera nayo siyiona. Zikatero bwererani kumbuyo kwa makina: magetsi akulowa? Chingwe cha SAS kapena cha Fibre Channel chalowa mpaka kumapeto? Nanga chalumikizidwa pa khadi lotani? Makhadi ambiri a RAID sagwirizana ndi tepi, ndipo drive imafuna khadi lakelake lotchedwa HBA.

Chachiwiri, lowani ngati administrator kapena root. Popanda udindo umenewu pulogalamuyo imatha kutseguka koma osapeza kanthu.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa, imitsani pulogalamu ya backup. Kaya ndi Veeam, Backup Exec, NetBackup kapena Bacula, imakhala itaigwira drive ngakhale pamene sikulemba. Mukayamba kuyeza iyo ikadali m'kati, mayesowo amakana kuyamba kapena amaduka panjira, inu n'kuganiza kuti mwapeza vuto pamene mwalipanga nokha. Kutseka windo lake sikukwanira. Imitsani ma service ake. Sankhani nthawi ya masana imene kulibe backup iliyonse, dziwitsani anzanu, ndipo lembani pa kapepala kuti mukamaliza muyatsenso zonse zimene munaimitsa. Kuyeza drive masana n'kuiwala kuyatsa backup ya usiku ndi njira yachidule yoitanidwira ku ofesi ya abwana.

Mukaika pulogalamuyo, iuzeni isake makina. Ikuonetsani mtundu wa drive, nambala yake ndi firmware imene ili m'kati. Lembani zimenezi m'buku la ofesi. Kenako tulutsani lipoti la mmene makinawo alili, limene L&TT imalitcha support ticket, pamene ITDT imati dump, n'kulisunga ndi deti lake. Lipoti la makina abwinobwino ndi limene mudzayerekezere nalo tsiku lina zinthu zikadzasokonekera.

Tepi yoyesera ikhale yakeyake

Mayeso olemba amafufuta zonse zimene zili pa tepi. Pulogalamuyo imachenjeza, koma munthu amene wapanikizika amangodina "yes" asanawerenge. Choncho patulani tepi imodzi yatsopano, ilembeni ndi zilembo zikuluzikulu kuti YOYESERA, ndipo isamasakanikirane ndi zinzake. Matepi amene ali ndi deta ya kampani atsekeni ndi kabatani kake koletsa kulemba musanawabweretse pafupi.

Tepiyo ikhalenso ya m'badwo woyenera. Kufikira LTO-7, drive inkawerenga matepi a mibadwo iwiri ya m'mbuyo n'kulemba pa m'badwo umodzi wa m'mbuyo. Kuyambira LTO-8 zinasintha: drive ya LTO-8 siwerenga LTO-6, ndipo ya LTO-9 imalekeza pa LTO-8. Drive ikalavula tepi yakale chonchi sikuti yawonongeka. Komanso tepi yatsopano ya LTO-9 ikalowa koyamba, drive imaikonzekeretsa kaye, ndipo zimenezi zimatha kutenga mpaka maola awiri. Musaithimitse poganiza kuti yaima.

Kupeza wolakwa

Yambani ndi mayeso aakulu a drive, amene L&TT imawatcha LTO Drive Assessment ndipo ITDT imati Health Test, pogwiritsa ntchito tepi yoyesera ija. Drive ikakhoza ndi tepi yabwino, kayikirani tepi imene inalephera usiku. Ikalephera, musathamangire kugamula: bwerezani ndi tepi ina yatsopano, makamaka yochokera m'bokosi lina. Ikalephera pa matepi awiri abwino, apo ndiye muli ndi umboni. Ngati muli ndi ma drive awiri, sinthanitsani. Vuto likatsatira tepi, ndi tepi; likatsalira pa drive, ndi drive. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa mukasintha tepi, chingwe ndi firmware pamodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Tepi imene inagwa pansi kapena yosweka pangodya musaiyese m'makina alionse. Kutsogolo kwa tepi ya LTO kuli kachitsulo kakang'ono kamene drive imakoka polowetsa tepi; kakachoka m'malo mwake, tepi imakodwa m'kati, vuto limodzi n'kusanduka awiri.

Lipoti limene pulogalamuyo imatulutsa ndi lalitali, koma yambirani pa zizindikiro za TapeAlert, zimene drive imakweza yokha ikaona chovuta. Nambala 4 ikuloza tepi. Nambala 5 ndi kulephera kuwerenga, 6 kulephera kulemba, 9 ndi kuyesa kulemba pa tepi yotsekedwa. Nambala 20 ikutanthauza kuti tsukani drive tsopano lino, 22 kuti tepi yotsukira yatha ntchito, pamene 30 ndi 31 akuloza makina enieniwo. Ma drive a IBM alinso ndi kawindo kutsogolo koonetsa chilembo chimodzi: C akupempha kutsukidwa, 1 ndi kutentha, 2 ndi magetsi, 5 ndi drive, 7 ndi tepi, ndipo 6 akutanthauza kuti makinawo sakutha kusiyanitsa pakati pa drive ndi tepi. Mukaona 6, ndi pamene kusinthanitsa kuja kumagwira ntchito.

Tepi iliyonse ya LTO ilinso ndi kachipangizo kosunga mbiri yake: yalowetsedwa kangati, yakumana ndi zolakwika zingati. Mapulogalamu oyezera amawerenga mbiri imeneyi. Tepi imene zolakwika zake zikungokwera ipumitseni isanakugwiritseni mwala.

Kutsuka kuli ndi malire

Pali chizolowezi choika tepi yotsukira Lachisanu lililonse poganiza kuti ndiko kusamala. Ma drive a LTO amadzitsuka okha pang'ono ndi kaburashi ka m'kati, ndipo opanga amalangiza kuika tepi yotsukira pokhapokha drive ikapempha. Tepi yotsukira imodzi imagwira ntchito mpaka maulendo 50. Chongani pa chikuto chake nthawi iliyonse. Ngati mwatsuka koma chizindikiro chikubweranso mukangoika tepi inayake, tepi imeneyo ndi imene ikudetsa mutu. Ndipo musayerekeze kulowetsa thonje la spirit kapena kupopera mphepo m'kati mwa drive.

Fumbi ndi limene muyenera kulimbana nalo. Kwathu kuno miyezi ya August mpaka October fumbi limalowa paliponse, kenako kutentha, kenako chinyezi cha dzinja. Drive isakhale pansi, pafupi ndi khomo kapena pafupi ndi printer. Matepi amene achokera m'galimoto yotentha kapena kosungira kwina apatseni maola 24 kuti azolowere chipinda musanawagwiritse ntchito.

Pamene backup ikungochedwa

Dandaulo lina ndi lakuti backup imene inkatha usiku tsopano ikufika m'mawa. Apanso musafulumire kuloza chala drive. Drive yaikulu ya LTO-8 imatha kulemba 360 MB pa sekondi, ndipo imafuna kuti deta izibwera mosadukiza. Deta ikamachepa imachepetsa liwiro, koma ikachepa kwambiri imaima, kubwerera m'mbuyo, n'kuyambanso, ndipo kupita n'kubwerera kumeneku kumaperesa mutu ndi tepi yomwe. Yezani liwiro la drive payokha ndi pulogalamu yoyezera. Ikathamanga bwino, vuto lili ku ma disk, ku netiweki kapena ku mafayilo ang'onoang'ono ambirimbiri amene seva ikuvutika kuwasonkhanitsa. Kugula drive yatsopano pamenepa kumangowonjezera vuto, poti yatsopanoyo imafuna deta yothamanga koposa.

Firmware ndi magetsi

Mapulogalamu omwewa ndi amene amaika firmware yatsopano. Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa, koma magetsi akathima ili m'kati, drive ikhoza kukana kudzukanso. Onetsetsani kuti seva ndi drive yomwe zili pa UPS imene mabatire ake mwawayesa, osati imene imangoyaka nyali yobiriwira. Tulutsani tepi, imitsani backup, werengani zimene opanga alemba za firmware imeneyo, ndipo ikayamba musakhudze kanthu mpaka drive itadzuka yokha. Musachite zimenezi Lachisanu madzulo kapena kumapeto kwa mwezi pamene a zachuma akutseka mabuku.

Mukamaitana a kampani

Vuto likachitika, dzanja limathamangira kuthimitsa ndi kuyatsanso. Ligwireni. Zina mwa zimene drive imakumbukira za vutolo zimafufutika magetsi akachoka, choncho tulutsani kaye dump kapena support ticket. Amisiri a kampani adzakufunsani lipoti limeneli asanavomere kusintha makina, ndipo mukalitumiza pamodzi ndi nambala ya drive, nambala ya tepi ndi zotsatira za mayeso anu, simutaya sabata mukuyankhana maimelo. Lipoti lomwelo liphatikizeni ku kalata yopempha ndalama. Abwana amene sadziwa za LTO amamva msanga mukawauza kuti, "Tayesa ndi matepi awiri atsopano ndi chingwe china, zonse zalephera, umboni ndi uwu."

Pomaliza, drive ikakhoza mayeso onse sindiye kuti deta yanu ilipo. Pulogalamu yoyezera imangotsimikiza kuti makina akutha kulemba ndi kuwerenga. Sidziwa ngati backup inatenga mafoda oyenera, kapena ngati kiyi wotsegulira matepi otetezedwa ndi encryption akadalipo. Zimenezo mungazidziwe pobwezeretsa mafayilo enieni kuchokera pa tepi n'kuwatsegula. Ikani pa kalendala ya ofesi kuti kamodzi pa miyezi itatu muziyeza drive ndi kubwezeretsako mafayilo angapo, ndipo pasakhale munthu mmodzi yekha wodziwa kuchita zimenezi. Ngati pa seva yanu palibe L&TT, ITDT kapena xTalk, iikeni sabata ino, muphunzitsenso mnzanu mmodzi kuigwiritsa ntchito.