Mtengo woimapo pogulitsa ng'ombe imodzi

Lero tikambe za munthu amene ali ndi ng'ombe imodzi yogulitsa, ndipo ogula akubwera mmodzimmodzi, aliyense akutchula zake. Mukamukana woyambayo, basi wapita. Mukamuvomera, mwina wandalama zambiri akadali m'njira.

Akatswiri a masamu amayerekeza wogulitsa wotereyu ndi mlosi, amene amadziwiratu mitengo yonse ya tsikulo n'kungodikira wokwera kwambiri. Inu simungafanane naye. Koma mu 1984, Ester Samuel-Cahn wa ku Hebrew University ku Jerusalem anasonyeza kuti mtengo umodzi wokha, woikiratu msika usanayambe, ungakutetezeni kuti mlosiyo asakusiyeni kutali.

Chitani chonchi. Kumbukirani masiku a msika apitawa, tinene 9. Pa tsiku lililonse lembani mtengo wokwera kwambiri umene unatchulidwa pa ng'ombe yonga yanuyo. Ndandalikani mitengoyo kuyambira wotsika mpaka wokwera, ndipo mutenge wapakati, wachisanuwo. Umenewo ndiye woimapo wanu. Woyamba kufika pamenepo kapena kupitirira, mupatseni chingwe, ngakhale dzuwa likadali m'mawa. Ambiri amagwa apa: mtima umati "dikira pang'ono", mpaka msika kutha.

Masamu akuti mukatsata njirayi pa malonda ambirimbiri, zimene mudzapeze sizidzachepera theka la zimene mlosi akanapeza. Theka likumveka lochepa, inde, koma limenelo ndi la pamene zinthu zavutitsitsa, ndipo palibe njira ina iliyonse imene ingalonjeze zoposa theka pa msika wamtundu uliwonse. Chenjerani ndi chimodzi: lonjezoli limagwira ngati ogula akutchula mitengo aliyense payekha. Mavenda akapangana pakhomo la msika, masamuwa agwa.

Nanga ogula onse akabwera nthawi imodzi, n'kumapikisana ngati pa okushoni? Pamenepo musadzivute n'kuwerengera. Jeremy Bulow ndi Paul Klemperer anasonyeza mu 1996 kuti, ogula akakhala ofanana mphamvu, kuwonjezera wogula mmodzi wotsimikiza kumapindulitsa kuposa kusankha mtengo woyambira wabwino koposa. Choncho lengezani malondawo masiku angapo msika usanafike, ndipo muimbire foni ngakhale wa butchala wa ku boma kuti naye adzapikisane.