Tiyeze Gasi pa Sikelo

Mwana wanga, wandifunsa ngati gasi angapulumutse mitengo ya m'nkhalango ya Mvai, imene imasunga madzi a damu la Mpira. Wafunsa bwino. Tiye tiyambire poyambira.

Gasi wachilengedwe ndi mpweya woyaka umene umapezeka pansi pa nthaka kapena pansi pa nyanja. Unachokera ku zomera ndi tizilombo timene tinakwiririka zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Gawo lalikulu la mpweyawu ndi methane. Usaiwale dzinali: methane.

Gasi wa m'masilinda amene ena amaphikira pa boma pa Ntcheu ndi wina. Ameneyo ndi LPG, msakanizo wa mipweya iwiri, propane ndi butane, ndipo timachita kugula kunja.

Kuno ku Malawi sitikumba gasi. Anzathu a ku Mozambique, amene timagulitsana nawo mbatata pa Lizulu, ndiwo ali naye. Kuyambira 2004, gasi wa ku Temane amayenda m'paipi mpaka ku Secunda, ku South Africa. Mu 2022 anayambanso kugulitsa kunja wa m'nyanja ya ku Cabo Delgado.

Tsopano tenga sikelo. Mbali imodzi ika ubwino. Gasi safuka utsi ngati nkhuni, choncho maso ndi chifuwa cha amayi zimapumula, mitengonso imatsala. Popanga magetsi amatulutsa pafupifupi theka la carbon dioxide, mpweya wotenthetsa dziko, poyerekeza ndi malasha. Sadaliranso mtsinje wa Shire. Ukukumbukira mdima umene unagwa namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinjewu mu 2022.

Mbali inayo ika zovuta. Gasi amafuna ndalama zakunja, zomwe zimasowa. Paipi yomufikitsa kuno palibe. Akatha pansi, watha. Saphukira ngati chitsa. Ndipo methane akathawira m'mlengalenga asanayake, amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide.

Waona tsono kuti gasi angathandize, koma payekha sangapulumutse Mvai, pokhapokha banja la kumudzi litamukwanitsa mtengo kuposa makala.

Paja ndinati usaiwale methane? Ndowe za ng'ombe zikawolera m'thanki yotseka zimatulutsa mpweya wotchedwa biogas, umene gawo lake lalikulu ndi methane yemweyo, ndipo umaphika nsima bwinobwino. Ameneyu safuna ndalama zakunja tsiku ndi tsiku, amafuna khola.

Ntchito yako nayi: funsa kwanu kuti pa mwezi mumatha nkhuni kapena makala a ndalama zingati, ufunsenso mtengo wodzazitsira silinda. Ubwere ndi manambala onse awiri, tidzayeze limodzi.