Phunziro: Maina a Anthu Onyamula Mfuti

Mwezi uno tiphunzire za kanthu kooneka kakang'ono, koma kali ndi mphamvu yakugwetsa munthu kapena kumuimika: ndilo dzina limene timchula nalo munthu wonyamula mfuti cifukwa ca ndale za dziko. Wina ati, wacifwamba. Wina ati, cigawenga. Wina ati, womenyera ufulu. Onsewa anena za munthu mmodzi yemweyo, ndipo yense waweruza kale mlandu asanaumve.

Taonani za dziko la anansi athu la Mozambique. Pamene a Frelimo anayamba nkhondo yao ndi Apwitikizi m'caka ca 1964, boma la Apwitikizi linawayesa zigawenga. M'caka ca 1975 zigawenga zomwezo zinakhala boma. Posakhalitsa panauka gulu lina, la Renamo, lothandizidwa poyamba ndi boma la Rhodesia, pambuyo pace ndi la South Africa. Ndipo boma la Frelimo linakana kulichula dzina lace, niliti iwowa ndi bandidos armados, ndiko kunena acifwamba onyamula zida. Nkhondoyo inatumiza kuno kwathu anthu othawa ofika ngati miliyoni imodzi, nadzaza midzi ya ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza.

Tsono dzina lija linasanduka msampha kwa eni ace. Kodi mfumu ikhala pansi kupangana ndi mbala? Iai, mbala aimanga. Koma nkhondo sinathe ndi kumanga. Pa 4 October 1992, ku Rome, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama analemba pangano la mtendere. Ndipo pa cisankho ca 1994 acifwamba aja anatenga mipando 112 mwa mipando 250 ya nyumba ya malamulo. Anthu amene anaphunzitsidwa zaka zambiri kuti awa ndi zirombo za kuthengo anayenera tsopano kulima nao m'dimba limodzi.

Nanga wolemba kalata, kapena mphunzitsi pamaso pa ana, anene bwanji? Achule gululo ndi dzina lace lenileni, nati, ankhondo a Renamo, asilikari a boma. Atatero anene cimene cinacitika, ndi tsiku lace, ndi malo ace. Ngati kuli kofunika kuchula dzina laciweruzo lija, alibwezere kwa mwini wace, nati, Boma liwacha acifwamba.

Koma wina adzati, Kodi kutero sikubisa zoipa? Funso ili nlolemera, ndipo tisalipeputse, pakuti alipo anthu amene asankha mau ofewa cifukwa ca mantha okha. Taganizani za mudzi wa Homoine. M'mwezi wa July 1987 anaphedwa kumeneko anthu oposa 400, pamodzi ndi akazi, ana, ndi odwala ogona m'cipatala. Boma ndi opulumuka anati anacita ici ndi a Renamo. A Renamo anakana. Werengani mau awa kawiri. Mulibe mwano m'menemo, koma palibe kanthu kabisika. Ndipo munthu wowamva agwidwa nthumanzi koposa akadamva dzina lakuti acifwamba, limene anali kulimva pa wailesi tsiku ndi tsiku kufikira linaleka kumluma m'khutu.

Lamulo lomweli ligwire mbali zonse ziwiri. Pamene asilikari a boma atentha nkhokwe za anthu, wolemba asati, Anyamata athu analakwitsa pang'ono. Alembe kuti asilikari a boma anatentha nkhokwe zakuti, m'mudzi wakuti, monga akadalembera za enawo.