Moto Susankha Pepala

M'mawa wa pa 26 October 1875, nyale ya palafini inagubuduzika m'nyumba ina yogona alendo pa A Street, mu Virginia City, tauni ya migodi ya siliva ku Nevada, m'dziko la America. Kunali chimphepo, ndipo nyumba zamatabwa zinali zothithikana. Dzuwa lisanalowe, nyumba pafupifupi 2,000 zinali phulusa.

Ozimitsa moto analipo. Anali anthu odzipereka amene magulu awo anayamba cha m'ma 1861, ankakoka okha ngolo za mapaipi n'kumapopa madzi ndi manja. Tsikulo madzi anawachepera, moti nyumba zina zinaphulitsidwa dala pofuna kutchinga moto kuti usalowe m'migodi.

Tauni inamangidwanso msanga chifukwa ndalama za siliva zinalipo. Koma m'bale wanga, pali zina zimene ndalama sizinabweze. Ofesi ya nyuzipepala ya Territorial Enterprise inapsa pamodzi ndi makope akale amene ankasungidwamo. M'makope amenewo munali nkhani za tauniyo tsiku ndi tsiku, ndiponso zolemba za mlembi wotchuka Mark Twain, yemwe anagwirapo ntchito kuyambira 1862 mpaka 1864. Zambiri mwa zolemba zakezo zinapita. Zimene zinapulumuka ndi zomwe nyuzipepala za kwina zinakopera, ndi zomwe abale ake anadula n'kumata m'buku kunyumba.

Mwaona pamene panalakwika? Anthu a tauniyi moto ankaudziwa bwino, unkabuka kawirikawiri. Komabe mapepala awo anawaunjika pakati pa nyumba zomwezo zimene ankaopa kuti zidzapsa. Chinapulumuka ndi chokhacho chimene chinali ndi kope lina kutali.

Mbiri ya ozimitsa motowo nayo sinadzisunge yokha. Mu 1979 anthu odzipereka anatsegula nyumba yosungiramo zakale pa C Street, momwe muli ngolo, zipewa ndi zithunzi zimene zinatsala. Kodi zimene zinatayika pa zaka zoposa 100 zimenezo angaziwerenge ndani?

Musati izi n'za ku America. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kaundula wa ubatizo wa mpingo wanu ali ndi kope lina? Mapepala a munda wa makolo anu ali m'katoni pafupi ndi mbaula kapena pakhoma pomwe chiswe chayamba kukwera? Zithunzi zonse za banja zili m'foni imodzi? Nanga nkhani ya m'mene mudzi wanu unayambira, amaidziwa ndi agogo amodzi okha? Mukamva wina akunena kuti "zili pabwino, musadandaule," mufunseni akuonetseni.

Jambulani tsamba lililonse sabata ino. Kope lina mukasiye kwa m'bale wokhala dera lina. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse lembani mayina ndi chaka ndi pensulo, ndipo agogowo muwajambule mawu akadali ndi mphamvu zofotokoza.