Phunziro la Mwezi Uno: Liwu Loti "Sleep"



Tsiku lina mnyamata wa Fomu 3 anachedwa ku Swala ya Fajr. Pofuna kupepesa m'Chingerezi anati, "I slept over." Iye amafuna kunena kuti anagonereza, koma zomwe ananenazo zikutanthauza kuti anakagona kunyumba ya eni. Mawu oyenera anali "I overslept." Kusinthanitsa malo a timawu tiwiri kunasintha nkhani yonse. Popeza munthu sangapeze satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, tiyeni tiliunike bwino liwuli.

Gwero la vutoli ndi loti liwu lathu loti "kugona" limanyamula zambiri. Munthu akangotambasuka pamkeka ali maso timati wagona, pomwe Chingerezi chimati "lie down." Kupita kukagona ndi "go to bed," ndipo tulo tikakugwira ndi "fall asleep." Nsima yadzulo timati yogona, koma mukalemba "slept nsima" wochonga mayeso sakumvani, mkute ndi "leftovers." Kumbukiraninso kuti ngati ndi zadzulo timati "slept," osati "sleeped."

Pali matanthauzo enanso omwe simungawaganizire:

1. "Sleep on it" ndi kuyamba waiganizira nkhani usiku wonse usanayankhe.
2. "Sleeping sickness" ndi kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi ntchentche ya kashembe, amene amapezeka m'madera ngati Nkhotakota ndi Rumphi.
3. "Sleepers" ndi mitanda yomwe njanji imakhalapo. Mukadzawoloka njanji yochoka ku Mchinji kupita ku Chipata, mudzaiyang'ane.
4. "Put to sleep" ndi pamene dokotala wa ziweto apha nyama yomwe ikuzunzika ndi matenda.
5. "Sleep with," akamanena za munthu, kawirikawiri ndi nkhani ya m'banja. Mukamalongosola za kuhositelo nenani "share a room with" kuti musadzichititse manyazi.

Kusiyanitsa mawu chotere sikwachilendo kwa Msilamu. Mu Ayatul Kursi, Qur'an yolemekezeka ikugwiritsa ntchito mawu awiri a Chiarabu: "sinah," kusinza, ndi "nawm," tulo tenitenito, pofotokoza kuti zonsezi sizimufikira Allah. Surah Az-Zumar, ndime 42, ikuika tulo pafupi ndi imfa, monga nafenso timanenera kuti malemu agona. Surah Al-Kahf ikusimba za anyamata omwe anagona m'phanga zaka 309. Amene anazolowera kusamala liwu lililonse kumadrasa asasiye khalidweli akalowa m'kalasi ya Chingerezi.

Ntchito yanu ophunzira ndi iyi: lembani ziganizo zisanu, chilichonse chikhale ndi tanthauzo losiyana la "sleep," ndipo mundipatse Lachisanu tisanapite ku Jumu'ah. Inu makolo, onetsetsani kuti mafoni azimitsidwa ikatha Swala ya Isha. Mwana wogona mochedwa amaphonya Fajr, kenako n'kumasinza m'kalasi.

Allah atiwonjezere maphunziro opindulitsa. Ameen.