Musathire Chimanga Patsogolo pa Kamera

Mwagula kamera yomangirira pamtengo, ija imajambula yokha nyama ikangodutsa. Mwaisiya m'nkhalango chipale chofewa chili mbuu, koma pokaona mwangopezamo zithunzi za nthambi zogwedezeka ndi mphepo. Ndiye mwayamba kuganiza zothira kachimanga pang'ono patsogolo pake kuti agwape azibwera, eti? Taimani kaye.

Mu Malichi 2015, ku South Hampton m'chigawo cha New Hampshire ku America, agwape 12 anapezeka atafa. Palibe amene anawawombera. Oyang'anira nyama zakutchire atawapima ananena kuti chinawapha ndi chakudya chimene anthu a m'deralo ankawaikira powamvera chisoni. Anafa atakhuta.

Cholakwika chinali pati? M'nyengo yachisanu gwape amadya timphukira, nsonga za nthambi ndi makungwa, ndipo tizilombo ta m'chifu mwake timakhala titazolowera zouma zimenezi. Kuti tizolowere chakudya china pamafunika milungu. Akangomeza chimanga chambiri nthawi imodzi, chimasasa m'chifumo, asidi amachuluka, mabakiteriya otulutsa poizoni amaswana, ndipo m'masiku ochepa nyama ija yagona. Amene anawetapo mbuzi akudziwa zimene zimachitika ikalowa m'nkhokwe. Kodi inuyo mukusiyana pati ndi anthu a ku South Hampton aja? Iwo ankafuna kuthandiza, inu mukungofuna chithunzi, koma chimanga chake n'chimodzimodzi.

Kamera yomweyo ikuchenjezani, mukamayang'anitsitsa. Agwape amene ankadutsa mmodzimmodzi ayamba kuunjikana malo amodzi, mphuno zikugundana. Ndowe zawo, zomwe zimakhala timibulu touma, zasanduka zamadzimadzi. Wina wangoima mutu uli pansi, sakutekeseka ndi chilichonse. Usiku pazithunzi payamba kuoneka agalu ndi ankhandwe. Mukaona zimenezi musati malo ayamba kukoma. Mwatchera msampha.

Mchere nawonso musauone ngati wabwinoko. Nyama zikamanyambita pamodzi zimapatsirana matenda a CWD, owononga ubongo, odzera m'malovu ndi mkodzo, ndipo alibe mankhwala. Atapezeka ku Nordfjella ku Norway mu 2016, boma linapha gulu lonse la agwape akutchire otchedwa reindeer a m'deralo, pafupifupi 2,000. Madera ambiri a ku Wisconsin analetsa kudyetsa agwape pa chifukwa chomwechi.

Nanga kumangopitapita kukasuzumira kamera? Gwape aliyense amene mwamudzidzimutsa akathawa m'chipale chakuya, wawotcha mafuta amene anasungira kuti afike nawo nyengo yofunda.

Fufuzani kanjira kamene nyama zapondaponda kale, kapena pamene zimawolokera mtsinje. Mangani kamerayo pamenepo, muikemo mabatire a lithiamu chifukwa satha msanga kukazizira, kenako muchokepo kwa milungu ingapo. Chimangacho chisiyeni kunyumba.